Mlendo wakunja wafika mu Blantyre, mupita naye kuti? Nayi pulani ya masiku ochepa

Ambirife tikalandira mlendo wochokera kunja, kaya ndi bwana wabwerera za ntchito, kaya ndi alamu amene achemwali anawapeza ku Joni kapena ku UK, timangomutengera pa Chichiri kukadya pizza kenako kumubweza ku hotela, basi zathera pompo. Munthu wachokera kumene mashopu ake ndi akuluakulu kuposa athuwa, nde inu mukumuonetsa chani? Blantyre ili ndi zinthu zoti munthu akaona amakazikamba kwawo chaka chonse, kungoti eni akefe timazidutsa tsiku ndi tsiku tili mu minibasi maso ali pa foni. Mmene ndimaonera ine, chinsinsi chake ndi chimodzi: tsiku limodzi chinthu chachikulu chimodzi, ndipo inuyo muzidziwa kankhani ka malowo. Tiyeni tiyambe.

Choyamba, mufunseni asanakwere ndege

Mufunse kuti ali ndi masiku angati omasuka, miyendo yake ili bwanji, ndipo pali chimene sadya. Zikuoneka zazing'ono koma pulani yonse yagona pamenepo, simungamukweze phiri munthu wa bondo lovuta, komanso simungamuthire nsinjiro munthu amene mtedza umamutupitsa. Nkhwani wotendera ndi wokoma inde koma ena mtedza umawafikitsa ku chipatala.

Kenako onani mwezi. Juni ndi Julaye kuno kumazizira, chiperoni chikabwera kumachita nkhungu ndi kamvula kowaza masiku angapo, nde mumuuze atenge juzi chifukwa ambiri amabwera ndi makabudula okhaokha poganiza kuti Africa yonse ndi ng'anjo. Seputembala ndi Okutobala kumatentha koma ndi nthawi imene mitengo ya jakaranda imachita maluwa ndipo nyama ku Majete zimaoneka bwino poti tchire lauma. Kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo ndi mvula, misewu ya fumbi imaterera, mitsinje ya ku Mulanje imadzaza mwadzidzidzi. Za viza aone yekha pa intaneti nthawi ikadalipo chifukwa malamulo ake amasinthasintha, ndipo za mankhwala oteteza malungo akambirane ndi dokotala wake konko asananyamuke.

Chachiwiri, galimoto, ndalama ndi simu

Kuchoka pa Chileka kufika mtauni ndi makilomita pafupifupi 16, si patali, koma konzani galimoto isanafike taimu. Ngati yanu ilibe mphamvu yokwera mtunda wa Zomba kapena kubwerera pa Thabwa, pezani ya hayala ndi dalaivala wake yemwe, mugwirizane mtengo wa tsiku lonse ndiponso kuti mafuta akugula ndani, zisadzakhale zokangana pamaso pa mlendo. Ndipo thirani mafuta dzulo lake, fulu thanki. Mukudziwa nokha mmene mafuta amasowera nthawi zina, si bwino mlendo wa masiku atatu tsiku limodzi lithere pa mzere.

Ndalama asinthe ku banki kapena ku ma bureau ovomerezeka ndipo lisiti asunge. Anyamata a mumsewu aja reti yawo imakoma kumva koma ndi zoletsedwa, ndipo mlendo akagwidwa nazo kapena akapatsidwa zachinyengo manyazi ndi anu. Akhale ndi ndalama zapamanja zing'onozing'ono za pa geti, za gaidi ndi za zipatso za m'njira, khadi imagwira m'mahotela ndi m'mashopu akuluakulu basi, komanso netiweki ikavuta makina aja amangoti zii. Simu ya Airtel kapena TNM amalembetsa ndi pasipoti, mugulireni bandulo ya sabata. Masoketi athu ndi a mano atatu ngati a ku UK, wochokera ku America kapena ku Germany afunika adaputa, ndipo pawabanki ikhale yodzaza poti magetsi sapangana. Pasipoti kapena kope yake izikhala m'thumba chifukwa pa rodibuloko apolisi amatha kufunsa.

Tsiku loyamba likhale la mtauni momuno

Musamuthamangitse, munthu wakhala mu ndege maola ambiri. Yambani cha m'ma 9 pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, pafupi ndi sukulu ya HHI. Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa mukangoima pa geti nkujambula chithunzi nkuchoka ndiye kuti simunaone kanthu. Mishoniyi inayamba mu 1876 ndi a Church of Scotland, ndipo dzina loti Blantyre analitenga ku tauni ya ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Tchalitchicho chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu woti sanaphunzire za zomangamanga, ndipo anthu amene anagwira ntchitoyo anali akomweko, ambiri asanamangepo nyumba ya njerwa chibadwire. Njerwa anaumba ndi kuwotcha pompo. Mutengereni mlendo pafupi ndi khoma, aone kuti njerwazo si za mtundu umodzi, zina zopindika, zina zosongoka, zina za timizere, chilichonse chinali ndi chikombole chake chathabwa. Kenako mubwerere m'mbuyo muyang'ane nsanja ziwiri zakutsogolo zija, muona kuti sizofanana. Mkati muli mawindo a magalasi amitundu ndi zikwangwani za mkuwa za anthu akale a pa mishoni. Ndi tchalitchi chogwira ntchito cha CCAP Blantyre Synod, si malo ongojambulira, nde pemphani kaye kwa oyang'anira musanalowe, chipewa chivulidwe, ndipo mukapeza mapemphero kapena ukwati dikirani. Mlendo wokonda nyimbo mubwere naye Lamulungu adzamve makwaya, sadzaiwala.

Mukachoka apo pitani ku Mandala House. Nyumbayi ndi ya 1882 ndipo imadziwika kuti ndi yakale kwambiri mwa nyumba zimene zikadaimabe m'dziko muno, inali ya African Lakes Corporation, kampani imene ankayendetsa abale awiri John ndi Frederick Moir, ija makolo athu ankangoitchula kuti kwa Mandala. Ili ndi khonde lalikulu lozungulira, pansi pali malo ogulitsa zojambula ndi zosema komanso kafe ya pa kapinga pomwe mungamwe khofi wa Mzuzu muli pamthunzi, ndipo pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi yomwe ili ndi mabuku, mapu ndi zithunzi zakale za Nyasaland. Mlendo wokonda mbiri pamwamba paja mudzachita kumukoka kuti atsike. Imbani kaye kapena funsani ngati atsegula, makamaka pa wikendi.

Lanchi. Apa ndimatsutsana ndi anthu ambiri amene amaopa kumupatsa mlendo nsima. Mpatseni! Pezani malo aukhondo ophika zakwathu, aitanitse nsima ndi chambo chowotcha kapena nkhuku ya lokolo, pambali masamba ndi nyemba, mumuonetse kusamba m'manja ndi kupanga mbamu, mumuchenjeze za minga ya nsomba. Akalephera pali mpunga wa Kilombero, fungo lokhalo amagonja. Chimene musachite tsiku loyamba ndi kumuimitsa pa chiwaya nkumuthirira kabichi wosaphika uja, mimba yake sinazolowere ndipo pulani yonse ingathere m'chipinda. Madzi amwe a m'botolo. Nali mumuuze kuti ayambe ndi kadontho.

Masana dutsani pa Museum of Malawi ku Chichiri. Ndi kamalo kakang'ono ndipo zinthu zina zatopa, musamulonjeze zodabwitsa, koma ola limodzi limakwana bwinobwino kuona zida zakale, ndalama zakale, za malonda a akapolo, ndipo panja pali sitima ya malasha ndi magalimoto akalekale zomwe ana amakonda kukwerapo. Pobwerera mumuonetse Independence Arch pa msewu wa Masauko Chipembere, mumuuze kuti ufulu tinalandira mu 1964 ndipo Chipembere anali mmodzi mwa amene anaumenyera, komanso kuti Limbe ndi Blantyre anali matauni awiri osiyana mpaka pomwe anawaphatikiza mu 1956.

Nthawi ikatsala lowani mu msika wa Blantyre kukagula zitenje, kenako kwa anyamata a ziboliboli cha ku Victoria Avenue. Foni ndi chikwama zikhale kutsogolo. Pa nkhani ya mtengo, anyamata aja akaona mlendo mtengo umakwera, izi nzodziwika, nde inu muthandize kunenerera koma musafike powafinya ngati mukugula tomato wa madzulo, ntchito yosema ndi yowawa ndipo iwonso akusaka ya ufa. Chitenje akagula tsiku loyamba, telala akhoza kumusokera shati kapena diresi asananyamuke.

Kumbukirani kuti kuno kumada msanga, ikamakwana 6 mdima wagwa, nthawi yozizira ngakhale isanakwane. Usiku musayende naye wapansi, ndipo kabaza wa njinga yamoto wopanda chipewa ayi ndithu ngakhale iye atachita kukakamira kuti akufuna alaweko.

Ngati miyendo ilipo, m'mawa umodzi ndi wa phiri

Blantyre yazunguliridwa ndi Michiru, Ndirande, Soche ndi Mpingwe, ndipo tauni imaoneka bwino uli pamwamba. Losavuta kukonza ndi Michiru. Mbali ya ku Chilomoni kuli Njira ya Mtanda ya Akatolika, mumakwera mukudutsa malo oimapo amene akuonetsa masautso a Yesu mpaka pamtanda waukulu pamwamba, Lachisanu Loyera kumakhala anthu osaneneka. Kapena mulowere ku ofesi ya oyang'anira nkhalango mutenge gaidi, pali tinjira tatifupi ndi tatitali, mukhoza kukumana ndi anyani ndi apusi. Nyamukani 6 m'mawa dzuwa lisanakwiye, mukhale kagulu osati awiriwiri, ndipo konzekani kuyankha funso loti mitengo inapita kuti, chifukwa alendo amafunsa. Muuzeni zoona, makala ndi nkhuni. Akaloza zipsera za pa Soche mumuuzenso za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 amene anagumula phirilo nkupha anthu ambiri ku Chilobwe ndi madera oyandikira, koma kumeneko si kopita ndi kamera ngati kokaona zosangalatsa, anthu anataya abale awo.

Tsopano sankhani ulendo umodzi wakunja kwa tauni

Apa mpamene ambiri amalakwitsa, kufuna Zomba, Mulanje ndi Majete zonse pa masiku awiri, mapeto ake mlendo amangoona msana wa dalaivala. Tsiku limodzi, mbali imodzi.

Wofuna nyama, Majete. Ili ku Chikwawa, makilomita pafupifupi 70, ndipo ulendo wake wokhawo ndi chionetsero kale chifukwa mumatsetsereka mapiri aja mokhotakhota chigwa chonse cha Shire chili pansi panu, minda ya nzimbe ikuoneka patali, kenako Thabwa, mlatho wa Kamuzu, Chikwawa boma nkukhotera ku geti. Dalaivala atsike ndi giya osati kudalira mabuleki. Kankhani koti mumuuze mlendo ndi aka: pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nyama zambiri mu Majete zinali zitatha ndi opha mozemba, ndiye mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuti aziyendetsa malowa, anamanga mpanda nkuyamba kubweretsanso nyama, zipembere, njovu, njati, akambuku, mikango mu 2012, kenako akadyamsonga. Lero zonse zisanu zikuluzikulu zija amati Big Five, mkango, njovu, njati, kambuku ndi chipembere, zilimo. Koma musamulonjeze mkango, si khola, pena mumazungulira tsiku lonse nkungoona agwape, njiri, njovu ndi mvuu, zomwenso nzokwanira. Muli momo muone mathithi a Kapichira, pamene boti la Livingstone linalephera kupitirira mu 1859, pano pali malo opangira magetsi. Nyamukani mu Blantyre kusanache kuti mukafike nyama zisanabisale, lipirani gaidi wa pakiyo chifukwa maso ake amaona zimene inu simungaone, ndipo mtengo wa pa geti wa mlendo ndi wokwera kuposa wa Mmalawi nde chiphaso chanu musaiwale. Ku Chikwawa kumatentha zoopsa abale, Okutobala ndiye osanena, madzi mutenge ochuluka kuposa mmene mukuganizira. Osatsika m'galimoto pamalo osaloledwa, ndipo njovu ikayamba kukupiza makutu bwererani.

Wofuna zobiriwira ndi kamphepo, Thyolo ndi Mulanje. Popita dzerani Limbe, Bvumbwe, muime pang'ono pa msika wa masamba, kenako minda ya tiyi imayamba mbali zonse ziwiri. Ku Satemwa, esiteti imene inayamba mu 1923, amalola alendo kulawa mitundu ya tiyi ndi kuyenda m'minda, ndipo pa Huntingdon House pali chakudya, koma bukani kaye, si pongotulukira. Anthu othyola tiyi ali pa ntchito, kuwajambula pemphani. Mukapitirira Luchenza phiri la Mulanje limangoti ima kutsogolo kwanu, nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, palibe yoposa apo m'Malawi muno, ndipo mu 2025 a UNESCO analiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Pa Chitakale khotani kulowera ku Likhubula, pamenepo pali ofesi ya zankhalango ndi magaidi ovomerezeka, mutenge mmodzi akuperekezeni ku Dziwe la Nkhalamba, kuyenda kwake ndi kwa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono kutengera mapapo anu. Madzi ake ndi ozizira ngati a mu fuliji ndipo dziwelo ndi lakuya, anthu amirapo, nde wosadziwa kusambira angoviika mapazi, ndipo nthawi ya mvula osalowamo nkomwe. Gaidi akamafotokoza za mizimu ya m'phirimo musamudule ndi kuseka, alendo ambiri zimenezo ndi zimene amabwerera. Sapitwa iwalani, ameneyo ndi wa masiku angapo ogona m'phiri ndipo anthu anasowapo chifukwa chokwera okha. Tibokosi ta mkungudza tonunkhira tija musagule, mtengowo ndi wa fuko lathu ndipo watsala pang'ono kutheratu. Nanazi ndiye gulani zambiri. Pobwerera dzerani msewu wa Midima, ndi wachidule.

Wofuna mbiri ndi malo okwera koma osatuluka thukuta, Zomba, likulu la dziko mpaka 1975. Ndi ola limodzi ndi pang'ono kudzera Njuli, Namadzi ndi Thondwe. Mtauni muone chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda) ndi nyumba zakale za boma, koma malo a asilikali osajambula, chimodzimodzi Sanjika kuno ndi pa bwalo la ndege. Kenako kwerani phiri, m'njira anyamata akugulitsa sitiroberi ndi zipatso zina, pamwamba pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, ndi Emperor's View pomwe Haile Selassie wa ku Ethiopia anaimapo mu 1965, kukakhala kowala mumaona nyanja ya Chilwa ndi Mulanje. Tiyi mukamwere pa Ku Chawe. Ma viyu akutaliwo msewu wake ndi woipa, kagalimoto kotsika musakakamize.

Pali malo amodzi amene anthu sawaika pa pulani koma ine ndimawaika patsogolo, mishoni ya PIM ku Chiradzulu, theka la tsiku lokwana. Tulutsani K2,000 mumuonetse nkhope ya John Chilembwe, kenako mupite naye kumene anakhala. Chilembwe anapita ku America mu 1897, anaphunzira ku Virginia, nkubwerera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ndipo pa 23 Januwale 1915 anatsogolera kuukira atsamunda chifukwa cha nkhanza za thangata m'maesiteti komanso kutengedwa kwa anthu akuda kukafera nkhondo ya azungu. Anaphedwa patangopita masiku ochepa, tchalitchi chake anachigumula, ndipo mishoni inadzatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malikebu. Pokumbukira Chilembweyo, pa 15 Januwale timakhala pa holide. Mlendo wa ku UK mumukumbutse kuti chiboliboli cha Chilembwe chopangidwa ndi Samson Kambalu chinaima pa Trafalgar Square ku London kuyambira 2022 mpaka 2024, mwina anachidutsa osadziwa kuti ndi ndani. Mukafika pitani kaye ku ofesi ya mpingo mukapereke moni, osangoyamba kuzungulira.

Zina zongowonjezera zikapezeka

Ikakhala sizoni ya fodya, kuyambira cha mu Epulo, okushoni ya ku Limbe ndi yochititsa chidwi koma pamafunika chilolezo, funsani masiku angapo m'mbuyo. Kukakhala mpira wa Bullets ndi Wanderers musaganize kawiri, mugulireni tikiti ya kokhala kwa denga, mufike msanga, ndipo muonetsetse kuti sanavale zofiira pakati pa Manoma kapena zabuluu pakati pa Maule. Ndipo madzulo amodzi muitanireni kunyumba kwanu, ngakhale nyumbayo ndi ya lendi ku Chilomoni kapena ku Ndirande, adye zimene mumadya, apereke moni kwa akuluakulu, mumuphunzitse kuti polandira chinthu timalandira ndi manja awiri. Chimene ndimakana ine ndi kutenga mlendo kupita naye kumalo osungira ana amasiye kuti akangojambula nawo zithunzi za pa Facebook, ana si malo okaona.

Tsiku lonyamuka

Dzulo lake mugule zotenga, tiyi wa ku Thyolo, khofi wa Mzuzu, Nali, Malawi Gin ngati amamwa, mtedza wa makademiya. Mabotolo onse alowe m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege atakulungidwa m'zovala, akaika m'chikwama cha m'manja amulanda pa sekyurite. Wopita ku Australia kapena New Zealand adziwe kuti zosema zamtengo ndi zakudya amayenera kuzionetsa akafika, ndipo chilichonse cha minyanga kapena chikopa cha nyama zakutchire asachigwire nkomwe, ndi mlandu wa kundende. Makwacha otsala awagwiritse ntchito konkuno chifukwa kunja sasinthika. Msewu wa Chileka umadzaza cha pa Kameza ndi Chirimba nthawi yopita ndi yoweruka ku ntchito, nde nyamukani mtauni patatsala maola atatu kuti ndege inyamuke, ndipo mumuuze kuti akakafika kwawo nkumva kutentha thupi, ngakhale patapita masabata, akauze dokotala kuti anali kudera la malungo.